Mzime Amasulira Mawu a Abambo

1. Mphunzitsi Wopanda Kalasi

Kunyumba kwawo kunalibe amene ankamuitana mtsikanayu dzina lake lenileni. Onse ankangoti Mzime, chifukwa ndiye anali wotsiriza kubadwa. Ngakhale tsiku limene anamaliza maphunziro a uphunzitsi wa Chingerezi ku koleji, atavala mkanjo ndi chipewa chija, azakhali ake anafuula m'khamu la anthu kuti, "Mzime wathu uyo!" Anzake anamuseka mpaka mwambo kutha.

Chisangalalo cha tsikulo sichinachedwe kuzirala. Ntchito inasowa. Mzime anayenda m'maofesi mpaka zidendene za nsapato zake zinadyeka mbali imodzi. Kulikonse ankamuuza mawu amodzimodzi: "Siyani mapepala anu, tikuimbirani." Foni sinalire.

Kenako kunagwa tsoka lina. Abambo ake, omwe anali telala, anagwa m'shopu yawo ali mkati moyeza munthu malaya. Kuchipatala anati ndi matenda ofa ziwalo. Moyo unapulumuka, koma dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinangoti lende, ndipo pakamwa panapotoka. Munthu amene kale ankaseketsa msewu wonse uku akupalasa makina, tsopano mawu ake ankatuluka oduka mutu ndi mchira womwe.

Amayi ankagwira ntchito yochapa ndi kusita pa hotela ina. Ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo miyendo itatupa. Choncho wotsala ndi wodwalayo anali Mzime.

Tsiku lililonse ankawakhazika abambo ake pampando wa pafupi ndi zenera, n'kuyala patebulo zinthu zimene anakatenga kushopu: lumo, singano, ulusi, mabatani ndi tepi yoyezera.

"Ichi n'chiyani, abambo?"

"Hi... nga... o."

"Singano. Mwayandikira. Tiyeni tibwerezenso."

Masiku ena abambo ankapsa mtima n'kukankhira zonse pansi. Mzime ankatola n'kuyambiranso. Pang'ono ndi pang'ono khutu lake linazolowera. Anadziwa kuti lilime la abambo ake linkalephera liwu la "sa" kapena "si", moti pamalopo pankangotuluka mpweya. Anadziwanso kuti akamavomera ankaphethira maso, ndipo akamakana ankafumbata dzanja lamanzere. Ena onse ankangomva kubuula. Mzime yekha ndiye ankamva mawu.

Alendo akabwera kudzazonda matenda, nkhope zonse zinkatembenukira kwa iye. "Akuti chiyani?"

Tsiku lina kunabwera wometa tsitsi, mnzawo wa abambo amene shopu yake inagundana ndi yawo. Abambo anamuyang'anitsitsa m'miyendo n'kung'ung'udza mawu angapo.

"Akuti amene anakusokerani buluku limeneli ankasoka akuwodzera," anatero Mzime. "Mwendo wina wautali, wina waufupi."

Onse anafa nalo phwete. Nawonso abambo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa mpaka misozi.

"Telala akadalipo!" anatero wometa uja akudziyang'ana m'miyendo. "Mwana iwe, ndiwe pakamwa pa abambo ako."

2. Malangizo a a Mpumiro

Masana, abambo akagona, Mzime ankafufuza ntchito pa foni. Anaona kuti m'mayiko akutali muli makoleji ofuna aphunzitsi a Chingerezi oti aziphunzitsa anthu akuluakulu: anamwino, ogwira ntchito m'mahotela, ndi ophunzira a payunivesite. Analembera ambiri. Ena sanayankhe. Ena anayankha mwachidule kuti akufuna munthu amene Chingerezi anachita kuyamwira. Munthu wina anamulonjeza ntchito mawa lomwe, bola ayambe wamutumizira kangachepe.

Pomaliza, koleji ina inayankha kuti ikufuna kucheza naye kudzera pa kompyuta.

Mzime anapita kukafunsa nzeru kwa mphunzitsi wake wakale wa ku koleji. Bamboyu anali atapuma ntchito. Ophunzira ankawatcha a Mpumiro, chifukwa chiganizo chopanda mpumiro ankachibweza ngakhale chikome bwanji. Anawerenga uthenga wa kolejiyo mofatsa, n'kuvula magalasi.

"Mwana wanga, ntchito zakunja zilipo, ndipo kuzifuna si tchimo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma tchera khutu. Aliyense wokuuza kuti ulipire kuti akulembe ntchito, udziwe kuti ntchito yakeyo ndiwe amene. Thawa. Akakutumizira mgwirizano wa ntchito, werenga mzere uliwonse, makamaka timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi, chifukwa njoka imagona m'menemo. Funsa kuti ukagona kuti, ukadwala akuthandiza ndani, ukafuna kubwerera kwanu akulola motani. Pasipoti yako usapatse munthu kuti akusungire, ngakhale amwetulire bwanji. Pempha kuti ulankhule ndi mphunzitsi wina amene ali kale komweko. Akakana, udziwe kuti ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere."

Mzime anagwedeza mutu. A Mpumiro anapitiriza.

"Chinanso, usakaname. Ndaona ana anga ambiri akuwonjezera zaka za ntchito papepala. Ena amapotoza lilime kuti amveke ngati anabadwira kumene sanapondeko n'komwe. Kumeneko ukaphunzitsa anthu a imvi, ena a msinkhu wa amayi ako. Munthu wamkulu amakuzindikira kuti ukunama usanamalize chiganizo. Mphunzitsi wa chiyankhulo alibe khasu, alibe makina. Chida chake ndi pakamwa basi. Pakamwa pakangodziwika kuti ndi pabodza, ntchito yathera pomwepo."

"Ndamva, aphunzitsi."

"Nanga abambo ako akudziwa?"

Mzime anayang'ana pansi. "Sindinawauze."

"Uwauze usanavomere chilichonse. Ukayenda siya phazi. Ukasiya mlomo, udzaupeza."

3. Mafunso M'shopu ya Telala

Kunyumba netiweki inkadukaduka, choncho pa tsiku la mafunso Mzime anabwereka kompyuta kwa mnzake n'kupita kushopu ya abambo ake, imene inali chitsekere. M'katimo munkanunkha fumbi ndi mafuta a makina. Pakhoma panali pakadali jekete losamalizidwa, lopanda mkono umodzi, mizere ya choko ikuonekabe. Anapukuta tebulo lodulirapo nsalu, n'kuikapo kompyutayo.

Pagalasi la kompyutayo panaoneka mayi wa tsitsi lalifupi, mkulu wa aphunzitsi a pa kolejiyo. Anamufunsa za maphunziro ake, n'kumuuza kuti aonetse mmene angaphunzitsire namwino kufunsa wodwala pamene pakupweteka. Mzime anachita zimenezo.

Kenako mayiyo anafunsa, "Munaphunzitsapo anthu akuluakulu?"

Mzime anakumbukira a Mpumiro. "M'kalasi ayi. Ndaphunzitsapo munthu wamkulu mmodzi yekha, ndipo si Chingerezi. Ndi abambo anga. Matenda anawalanda mawu."

"Ndiye mwaphunzirapo chiyani?"

"Kuti munthu wamkulu amachita manyazi kulakwitsa pamaso pa mwana. Ukamukonza msanga, amatseka pakamwa tsiku lonse. Umayenera kudikira, ngakhale liwulo ukulidziwa. Komanso umayambira pa zinthu za ntchito yake, chifukwa ndi zimene mtima wake unazisunga."

Mayiyo analemba kenakake.

Patapita masiku ochepa, uthenga unafika. Anamutenga. Kolejiyo inalonjeza chipinda chogona ndi tikiti ya ndege, ndipo inamulumikiza ndi mphunzitsi wina wa komweko, amene anamutsimikizira kuti malowo ndi abwino. A Mpumiro anawerenga mgwirizano wonse, ndi timalemba ta m'munsi tomwe, osapezamo njoka. Koma makalasi anali pafupi kuyamba, ndipo kolejiyo inkafuna yankho pasanathe sabata imodzi.

Mzime anawerengera uthengawo kuseri kwa nyumba, n'kudzitseka pakamwa kuti asafuule. M'nyumba, abambo ankagogoda tebulo ndi lumo, kuitana mphunzitsi wawo.

4. Akuti Chiyani?

Amayi atamva nkhaniyi, anaitanitsa azakhali, mlongo wawo wa abambo. Anakumana pabalaza Loweruka masana. Abambo anali pampando wawo wa pazenera, bulangete lili pamiyendo. Mzime anakhala pansi pafupi nawo, mbali ya kumanzere, monga mwa masiku onse.

Anafotokoza zonse: kolejiyo, ophunzira ake, chipinda, ndi tsiku lonyamuka. Azakhali anamvetsera manja ali pachifuwa. Atamaliza, anausa moyo.

"Mwana wa achimwene, ine sindidana ndi mwayi wako. Amene anafuula tsiku la mkanjo lija ndine. Koma ndiloleni ndilankhule, chifukwa galu wamkota sakandira pachabe. Mlongo wako wamkulu anachoka m'nyumba muno chimodzimodzi. Tinamuperekeza ndi nyimbo. Anati chaka chimodzi chokha, kenako abwera kudzakuza shopu ya abambo ake. Poyamba ankaimba foni sabata iliyonse. Kenako mwa apo ndi apo. Abambo ako atagwa, mlongo wakoyo anatumiza chithunzi cha maluwa pa foni. Maluwa! Kodi chithunzi cha maluwa chingamutembenuze wodwala pabedi? Sindikuti ndi mwana woipa. Kutali kumadya munthu pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa. Umayamba ndi kutanganidwa, kenako manyazi oti wakhalitsa osaimba, kenako umaopa ndi foni yomwe."

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

"Tsono iwe ukufuna kukapatsa alendo chiyankhulo chachiwiri," anapitiriza azakhali, "pamene abambo ako alibe ndi choyamba chomwe. Ukachoka, akafuna madzi adzauza ndani? Akamva kupweteka adzadandaulira ndani? Kusamba tingawasambitse, kudya tingawadyetse, koma munthu sakhala moyo ndi zimenezo zokha. Munthu amene palibe womumva ali m'ndende, ngakhale chitseko chili chotsegula."

"Alamu, nayenso mwanayu ali ndi moyo wake," anatero amayi motsitsa mawu. "Akalamba ali pazenera pomwepa?"

"N'zoona, alamu. N'chifukwa chake sindigamula ine. Mwini mwana ndi uyu wakhala apayu. Nzeru zake zili bwinobwino, wamva zonse. Akati mwana apite, ine nditseka pakamwa, ndipo ndisamukira muno kudzawasamalira ndi manja angawa. Akati asapite, nkhani yatha." Anatembenukira kwa abambo. "Achimwene, tiuzeni. Mzime apite kapena asapite?"

Abambo anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Milomo inanjenjemera, mitsempha ya m'khosi inatuluka.

"U... ha... i... te."

Mzime anamva. Anamva mpweya uja umene unkaima m'malo mwa "sa". Anaonanso dzanja lamanzere, pafupi ndi phewa lake, litafumbata m'mphepete mwa bulangete. Abambo ake anali atanena kuti usapite.

"Ine ndangomva 'te' yekha," anatero azakhali. "Akuti chiyani?"

Nkhope zonse zinatembenukira kwa Mzime, monga zinkachitira nthawi zonse. Anayang'ana dzanja lija, n'kuyang'ana foni yake imene inali pamphasa ya pansi.

"Akuti ndipite," anatero.

Abambo anadzidzimuka ngati munthu woponda moto. Anayesanso mokweza, koma akapsa mtima mawu ankathawiratu. Munangotuluka kubuula kwakutali, ndipo misozi inatsikira m'masaya.

"Nanga apa akutinso chiyani?" anafunsa azakhali.

Bodza loyamba linali litatsegula kale njira. Lachiwiri linangodutsa.

"Akuti ndisadandaule za iwo. Akuti ndipite ndi mtendere."

Azakhali anaimirira, n'kukagwada pamaso pa mlongo wawo, nawonso akulira. "Achimwene, muli ndi mtima waukulu. Mwandichititsa manyazi. Musalire, ine ndilipo. Mwana apite."

Abambo anatseka maso n'kutembenuzira nkhope kuzenera.

5. Pa Chingwe Choyanikira

M'mawa mwake amayi sanapite kuntchito. Anamuitana Mzime kuti adzawathandize kuyanika zofunda za abambo kuseri kwa nyumba. Anagwira nsalu wina uku wina uku, n'kuifinya mpaka madzi atatha. Amayi ndiwo anayamba.

"Ine mawu a abambo ako sindiwamva ngati iwe. Koma dzanja lija ndakhala nalo kuyambira usanabadwe. Dzulo ndinaliona."

Mzime anaponya nsaluyo pachingwe.

"Sindikukufunsa, ndipo sindikakuneneza kwa azakhali ako. Ndingokuuza mawu awa, uwasunge kapena uwataye. Ine ndikufuna upite. Ndikakuona ukutola mabatani pansi, mtsikana wophunzira ngati iwe, mtima umandiwawa. Ukanaimirira dzulo n'kunena kuti, 'Abambo akukana, koma ine ndikupempha kuti mundilole,' ine ndikanaima kumbali yako. Tikanakangana, tikanalira, mwina abambo ako akanakwiya mwezi wathunthu, koma akanadziwa kuti mawu awo anafika. Tsono iwe wawalanda kanthu kamodzi kokha kamene matenda anawasiyira. Miyendo inapita, shopu inapita, mwana wamkulu anapita. Anatsala ndi chikhulupiriro choti akalankhula, pali mmodzi amene anena zoona. Mdalitso wakuba sufunda, mwana wanga. Udzafika nawo kutaliko n'kupeza kuti ukuzizidwabe."

"Amayi, ndikanena zoona azakhali sandilola. Mwayi ngati uwu subweranso."

"Mwina subweradi. Sindikunamiza. Koma nthawi ikadalipo. Lowa m'nyumba, ukagwade, ukalankhule nawo. Akumva zonse, si mwana."

Amayi ananyamula beseni n'kulowa. Mzime anatsala pakati pa nsalu zonyowa. Anayenda mpaka pakhomo. Kudzera pazenera anaona msana wa abambo ake, ndi tebulo limene panali lumo ndi ulusi. Anaima pamenepo kanthawi, dzanja lili pachitseko.

Kenako anabwerera kuseri, n'kutulutsa foni. Analembera mayi wa ku koleji uja kuti wavomera ntchito, ndipo banja lake lonse lasangalala.

6. Tsiku Lonyamuka

Masabata otsatira anatha ndi kuthamangathamanga. Kunali kujambulitsa zithunzi, kupimitsa kuchipatala, ndi kuima pamizere kudikira chilolezo cholowera m'dzikolo. Azakhali anasamukira m'nyumbamo ndi katundu wawo, n'kuyamba kuphunzira kuwanyamula abambo kuchoka pabedi kupita pampando. Aliyense wobwera ankamuuza nkhani ija monyadira. "Achimwene anga, ngakhale ali chonchi, anati mwana apite ndi mtendere."

Koma maphunziro a pazenera anatha. Mzime akayala zinthu patebulo, abambo ankangoyang'ana kunja.

"Ichi n'chiyani, abambo?"

Chete.

"Abambo, ndi lumo. Nenani kuti lumo."

Chete. Sankakankhiranso zinthu pansi monga kale. Mzime akanakonda akanakankha.

"Akuzolowera kukhala opanda iwe," ankatero azakhali pomutonthoza. "Komatu ukachoka amalankhula okha. Ndimawamva ndili kukhitchini, akulimbana ndi kaliwu kenakake, kubwereza ndi kubwereza. Ndikalowa amasiya."

Tsiku lonyamuka linafika. Wometa tsitsi uja anabwereka galimoto ya mlamu wake kuti awaperekeze ku bwalo la ndege. Anaimika pamsewu n'kuyamba kukweza katundu. Amayi anali atasita malaya a Mzime okha, osalola wina kukhudza simbi. A Mpumiro anatumiza uthenga womufunira zabwino.

Abambo anawaveka shati yoyera n'kuwakhazika pampando wawo. Azakhali anaima kumbuyo kwawo, manja ali pamapewa awo.

Mzime analowa chikwama chili paphewa. Anagwada. Mawu amene anakonza anasowa onse.

"Abambo, ndikupita. Ndiziimba foni. Sindidzachita ngati achimwene anga aja."

Kwa nthawi yoyamba chichitikireni msonkhano uja, abambo anamuyang'ana m'maso. Munalibe ukali m'maso mwawo, munali kutopa kokha. Anakoka mpweya. Milomo inagundana, n'kulekana, n'kugundananso. Thukuta linatuluka pachipumi.

"Bo... dza."

Liwulo linamveka bwinobwino, ngati la munthu amene sanadwalepo. Silinali pakati pa mawu amene Mzime anawaphunzitsa.

Amayi anagwira chitseko. Azakhali anachotsa manja pamapewa paja n'kuzungulira kutsogolo kwa mpando.

"Achimwene, mwalankhula! Mwati bodza? Bodza la ndani?"

Abambo anakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono. Chala chinaima pa mwana amene anagwada patsogolo pawo.

Kunja, wometa tsitsi analiza hutala. "Tiyeni, ndege sidikira munthu!"

Azakhali anamuyang'ana Mzime, n'kuyang'ana amayi, amene anali atazyolika. Atalankhula, mawu awo anali otsika kwambiri, moti Mzime akanakonda akanakalipa.

"Mzime, tula pansi chikwamacho. Ndiwafunsanso abambo ako funso lija, ndipo ulendo uno iwe ukhale chete."